Abambo Athu pa Bwalo la Chamama

Mudzi wa Kamphulu,
Chamama, Kasungu.
12 Disembala 2010

Okondedwa achimwene a Ephraim,

Choyamba ndifunse za moyo wanu kumeneko ku Joni, inu pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kodi chifuwa chija chinkakuvutani m'nyengo yozizira chinakusiyani? Ngati muli bwino, Mulungu alemekezeke. Kuno tadzuka ndithu. Amayi akudandaula mawondo monga mwa masiku onse, koma khasu akukana kulisiya. Mvula yayamba bwino, chimanga chamera, ndipo fodya tamaliza kuwokera dzana.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni ine ndi inu sitimvana. Mayunitsi amathamanga, inu mumakweza mawu, ine misozi imayamba, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndiye chonde pezani mpata, mukhale pansi, muwerenge mpaka kumapeto.

Mutaimba mu Julaye muja munati mwana wanga Thandizo wawavula malemu bambo athu pamaso pa anthu a pamsika, ndipo kuyambira tsiku limenelo asadzakutchuleninso kuti malume. Mawu amenewo anawamva yekha, poti anali pambali panga. Sindikudziwa kuti amene anakuimbiraniyo anakuuzani zotani. Ine ndinalipo kuyambira pachiyambi, ndiye ndiloleni ndikuuzeni mmene zinayendera.

Mukudziwa kuti chimalizireni Folomu 4, Thandizo ali m'gulu la zisudzo la achinyamata a pa Chamama. Amachita masewero a za Edzi, a za kolera, nthawi zina ongoseketsa anthu tsiku la msika. Amayeserera kuseri kwa golosale ya a Khamisi, mu shedi momwe iwo amasungira matumba a soya. Mu Epulo, okonza mwambo wa pa 6 Julaye anapempha magulu onse kuti abwere ndi kanthu kosonyeza kumene dziko lathu lachokera. Ena anakonza mganda, ena kwaya. Mwana wanga anabwera kunyumba n'kunena kuti iye alemba sewero la agogo ake aamuna.

Analilemba mmene inu mumatifotokozera. Nthawi ija inu munali mnyamata wozindikira kale, ine ndinali wamng'ono, ndimangokumbukira fumbi ndi kulira kwa mbuzi. Mumati akuluakulu analamula kuti mudzi wathu wakale wa Kamphulu usamuke, patsegulidwe esiteti ya fodya. Abambo anaimirira pa msonkhano n'kukana. Kenaka kunabwera lole kudzawatenga, ndipo a Kalekeni, amene ankatsogolera achinyamata a chipani kuno, anali pomwepo. Abambo anabwerako patapita zaka, chifuwa chitawonongeka, ndipo sanakhalitse.

Nditawerenga, ndinafuna kumuletsa pomwepo. Sichinali chisoni ayi, achimwene, anali mantha. A Kalekeni omwewo lero ali mu komiti yolemba maina a olandira makuponi a feteleza. Dothi lathu mukulidziwa, popanda feteleza chimanga chimamasula chili m'mawondo. Ndinamuuza Thandizo kuti sewero sadya, anthu adzaomba m'manja tsiku limodzi koma njala tidzagona nayo chaka chonse. Iye anayankha kuti ngati agogo ake ndi otsika mtengo kuposa thumba la feteleza, ndimuuze ndekha ndi pakamwa panga.

Ndinapita naye kwa amayi, ndikukhulupirira kuti amuletsa. Tinawapeza m'chigafa akusankha fodya. Anamuuza kuti awerenge, iwo manja ali pa ntchito. Anawerenga mpaka kumapeto, ndipo ine ndinali nditayamba kale kupukuta m'maso. Amayi anamanga kamtolo ka masamba, n'kukaika pambali. Kenaka anati: "Walemba bwino, mdzukulu wanga. Koma munthu ameneyu sindikumudziwa. Si amene ndinakwatiwa naye."

Achimwene, zimene ndilembe apazi ndi zochokera pakamwa pa amayi. Sindinawonjezere kanthu.

Anati abambo ndi a Kalekeni anali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. Ankavina mganda mzere umodzi. Chaka cholandira ufulu anavina mpaka zidendene kung'ambika, ndipo abambo analira ngati mwana poona mbendera yatsopano. Njerwa za sukulu imene inu ndi ine tinaphunzirapo anaumba ndi iwo awiriwo, pamodzi ndi anzawo, popanda wowalipira.

Anatinso abambo anali mlembi wa nthambi ya chipani, ndipo ndi amene ankagulitsa makadi. Tsiku la msika ankaima pa chipata. Wopanda kadi sankalowa, kaya ndi nkhalamba, kaya wayenda mtunda wautali bwanji. Tsiku lina anabweza mayi woyembekezera, n'kumuuza kuti agulirenso kadi mwana ali m'mimbayo. Pokankhanakankhana, ufa wa mayiyo unatayikira m'fumbi. Amayi akuti anazimva ku chitsime, ndipo masiku angapo sanawayankhule abambo.

Pamene midzi ina inkasamutsidwa, abambo ndi amene ankayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti chitukuko chimafuna kudzipereka. Anadzasintha maganizo pamene zikhomo za oyeza malo zinafika pa Kamphulu, n'kuzungulira ndi manda omwe, kumene anaika Enelesi, mwana wawo woyamba amene ine sindinamuone. Apo m'pamene anaimirira pa msonkhano paja.

Amayi anati: "Analimba mtima, inde, ndipo mpaka lero ndimawanyadira. Koma analimba mtima moto utafika pa denga lawo."

Zinandiwawa, achimwene, monga ndikudziwa kuti zikukuwawani pamene mukuwerengapa. Ndinawafunsa chifukwa chimene anatibisira zaka zonsezi. Anati tinali ana amasiye, tinkafunika bambo woti tizitsamira, ndiye anatipatsa mbali yolimbayo. Koma pano tonse tili ndi imvi, ndipo iwo sakufuna kupita nazo kumanda.

Kwa Thandizo anati alembe zonse kapena asiye zonse. Anamulola kutchula dzina la abambo, Frazer, poti ndi athu. La a Kalekeni anamuletsa, amvekere amenewo ali ndi eni ake. Choncho mu seweromo ankangotchedwa Mnzawo, ngakhale kuti pa Chamama palibe amene sanadziwe kuti Mnzawoyo ndi ndani. Ine ndinapita kukafuna wondithandiza kuzimitsa moto, ndinabwerako atathirapo palafini.

M'gululi muli mnyamata wina dzina lake Lucious, wamtali, wa mawu aakulu. Makolo ake ndi matenanti a pa esiteti yomweyo, kwawo ndi ku Phalombe, koma iye anabadwira konkuno. Ndi amene anapatsidwa mbali ya Mnzawo. Iyeyu anamufunsa Thandizo kuti bwanji mu sewero lake anthu a kwawo akungooneka ngati odya minda ya eni. Anati agogo ake anabwera pa lole ndi mphasa ndi poto basi, akuthawa njala, ndipo palibe anawauza kuti pamalopo panali mudzi. Anakangana masiku angapo, Thandizo n'kubwera kunyumba atatupa. Pamapeto pake anawonjezera gawo lina.

Nkhani inawanda. Ndikafika pa mjigo, amayi anzanga ankasintha nkhani. Ena amati mwanayo watumidwa ndi andale. Akuluakulu ena ankanena poyera kuti nthawi ija kunalibe mbava, feteleza ankagulika, misewu inkakonzedwa, ana ankagwadira makolo, ndiye ana a lero asatukwane amene anamanga dziko. Mukudziwa nokha kuti kuno ku Kasungu nthawi imeneyo ambiri amaisunga pamtima. Koma panalinso ena obwera mwakachetechete, wina ndi kambale ka mtedza, kudzanong'oneza Thandizo kuti asaiwale za amalume awo amene anapita osabwerera.

A Khamisi nawo anauzidwa kuti akapitiriza kusunga anawo mu shedi, anthu asiya kugula pa golosale pawo. Anayankha kuti sopo amagulitsa kwa wokonda nthawi ija ndi wodana nayo yemwe, ndipo onsewo amasamba. Anawo anapitiriza kuyeserera.

A Kalekeni okha ndiwo sanalankhule kanthu. Ankadutsa pa njinga yawo, kupereka moni, n'kumapita. Kukhala chete kumeneko n'kumene kunkandidwalitsa.

Tsiku la mwambo kunali mphepo yozizira ija ya mu Julaye, yodzaza fumbi m'maso. Anthu anali ambiri poti ena anali atangolandira ndalama za ku okushoni. Tinayala mphasa kutsogolo, amayi atafunda nsalu yawo yochindikala. A Kalekeni anakhala pa benchi ya akuluakulu, chipewa pamutu, ndodo pakati pa miyendo. Mwana wawo wamwamuna anaima kumbuyo ndi anyamata anzake, manja atapinda. Nditawaona anyamatawo ndinafuna kunyamuka, koma amayi anandigwira chitenje.

Zolankhula zitatha, kwaya itaimba, mganda utavinidwa, anaitana gulu la Thandizo.

Gawo loyamba linali la chisangalalo. Frazer ndi Mnzawo akuvina, akukweza mbendera, akuponda dothi la njerwa. Mnyamata wosewera abambo anali ataphunzitsidwa ndi amayi kayendedwe kawo, kaja kotsamira phewa limodzi. Atangotulukira, agogo ena anafuula kuti, "Frazer uyo!" Nthungululu zinamveka bwalo lonse. Ndinaba diso kuyang'ana a Kalekeni, ndinawaona akugwedeza phazi motsatira ng'oma.

Gawo lachiwiri linali la pa chipata cha msika. Poyamba anthu ankaseka, poti mtsikana wosewera mayi woyembekezera anali ataika pilo wamkulu kwambiri. Koma ufa utatayika, iye n'kugwada kumawola ndi manja, kuseka kunatha. Gogo wina wa ku Wimbe, amene sindikumudziwa n'komwe, anayankhula ali chikhalire kuti zimenezi zinkachitikadi, iye anabwezedwapo ndi nkhuku yake m'manja. Bambo wina anamuyankha kuti makadi omwewo ndi amene ankasunga bata m'dziko. Anayamba kuponyerana mawu, mpaka a Khamisi anawapempha kuti alole anawo amalize.

Apa m'pamene mukuti abambo anavulidwa. Ine ndinaweramitsa mutu, sindikana. Amayi sanaweramitse. Anayang'ana kutsogolo mpaka gawolo linatha.

Kenaka linafika gawo la lole. Loleyo anali mabenchi awiri ndi mnyamata wolira ngati injini, koma palibe anaseka. Apa ndikuuzeni chimene chinalakwika. Thandizo polemba anati omenya abambo anali achinyamata obwera ndi lole. Koma poti osewera anali ochepa, poyeserera ndodo anaipatsa Lucious, ndipo amayi sanapiteko ku shedi kuja kuti akaone. Ndiye pa bwalo, anthu anaona Mnzawo atavala malaya ofiira, akukweza ndodo pa Frazer.

Mwana wa a Kalekeni anakuwa kuti zimenezi zithe pompano. Anyamata ake anayamba kukankha anthu kulowera kutsogolo, wina atatola kale chibuma. Amayi a ana anayamba kunyamula ana awo. Lucious anauma, ndodo ili m'mwamba. Ndinayang'ana Thandizo, milomo yake inali itayera. Mumtima ndinati lero mwana wanga andiphera.

A Kalekeni anadzuka. Anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo mpaka pakati pa bwalo, ndipo tonse tinkaganiza kuti akukamukwapula Lucious. Anaima patsogolo pake, n'kuyankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Mwana iwe, taya ndodoyo. Ine Frazer sindinamumenye. Omenya anabwera ndi lole, anali alendo, nyumba sankaidziwa. Ine ndinaima pansi pa mango, ndinaloza. Ngati mukufuna kundionetsa, ndionetseni ndikuloza."

Anthu anatembenukira kwa amayi. Iwo sanadzuke pa mphasa, anangokweza mawu.

"Akunena zoona. Sanamenye. Analoza."

A Kalekeni anatembenukira kwa Thandizo. Anamuuza kuti sukulu imene anaphunzirira kulemba zinthu zimenezi anaumba njerwa zake ndi iwo, ndipo mpaka kufa sadzavomera kuti nthawi ija inali yoipa yokhayokha. Mwanayo anagwada, n'kuwayankha mwaulemu kuti sukuluyo ili mu sewero, aiona okha poyamba paja. Iwo anati aiona, ndipo n'chifukwa chake akhalapo mpaka pano. Kenaka analoza mwana wawo ndi ndodo, kumuuza kuti akhale pansi, nkhaniyi inachitika iye asanabadwe. Anabwerera pa benchi yawo.

Anawo anayambiranso gawolo. Lucious anaponya ndodo kutali. Anyamata awiri otengedwa pomwepo m'gulu la mganda anakhala alendo a pa lole, akufunsa kuti nyumba ya Frazer Mphepo ndi iti. Lucious anayang'ana pansi nthawi yaitali. Kenaka anakweza mkono n'kuloza.

Achimwene, chala chija chinawawa kuposa ndodo. Ndinamva azibambo akuluakulu akufwenthera. A Kalekeni anali atavula chipewa, atachigwira pa bondo, ndipo sanayang'ane kumbali.

Chotsatira ndi chimene inu ndi ine sitinkachiganizira. Mwezi womwewo abambo atatengedwa, amayi anaitanidwa pamodzi ndi amayi anzawo kukavina pa msonkhano waukulu ku boma, ndipo kukana kunalibe. Atsikana a m'gululi anavina gule ameneyo, mmodzi akuvina nkhope ili gwa. Atangoyambitsa nyimbo, agogo aakazi a m'bwalomo anailandira, poti onse ankaidziwa. Ena ankaimba misozi ikutsika. Ena ankaimba nkhope zikuwala ngati abwerera ku utsikana. Anali pa mphasa imodzi, nyimbo imodzi, ndipo palibe analetsa mnzake.

Sewero linathera pa gawo la Lucious lija. Lole inabweranso, itanyamula matenanti ndi timitolo tawo. Mayi wina potsika anaona zipupa zakugwa, n'kufunsa kapitawo kuti kodi pano pankakhala ndani. Kapitawo anayankha kuti panali tchire. Basi, anawo anagwirana manja n'kuwerama.

Anthu anakhala kaye osadziwa ngati aombe m'manja. Kenaka anaomba, ena kwambiri, ena pang'ono, ena ayi. Chibuma chija sichinaponyedwe. Anthu anaima m'timagulu mpaka dzuwa kupendeka, akutsutsana, wina uku akuti anawo anama, wina uko akuti anawo achepetsa. Ine ndinangomukumbatira Thandizo, ndipo ndinamva ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinausenza kuyambira mu Epulo.

Mwina anakuuzani kuti amayi anagwirana chanza ndi a Kalekeni, kapena kuti anadyera limodzi. Limenelo ndi bodza. Pochoka anadutsa pafupi ndi mphasa yathu, chipewa chili m'manja, n'kuima pang'ono. Amayi anati, "Mwaswera." Iwo anati, "Ndaswera." Zinathera pomwepo. Nditawafunsa amayi kunyumba ngati awakhululukira, anati ayi, sanawakhululukire, ndipo mwina sadzatero. Koma anati asiya kulambalala njira ya kwa a Kalekeni popita kuchigayo, poti aizungulira zaka zambiri ndipo mawondo awo atopa.

Tsopano imvani chimene chandipangitsa kuti ndilembe kalatayi ndi mtima wopepuka.

Lamulungu lotsatira, tikuchokera ku tchalitchi, tinapeza mayi wina atakhala pakhonde, atabweretsa chinangwa m'kansalu. Anati ndi a Perpetua, mayi ake a Lucious. Anafika pa esiteti paja ali kamtsikana, ndipo anakulira pomwepo, kukwatiwa pomwepo. Anati pakati pa minda ya fodya pali kamsitu kamene thalakitala imakazungulira. Makolo awo atafika anapezamo mitumbira, ndipo ngakhale anauzidwa kuti kunalibe anthu, iwo anadziwa kuti tchire silikumba manda.

Anapitiriza kunena kuti matenanti akamwalira, kwawo n'kutali ndipo galimoto yonyamula maliro palibe amene angaikwanitse. Choncho anayamba kuika abale awo m'mphepete mwa kamsitu komweko. Iwonso ana awo awiri ali momwemo. Chaka chilichonse akamalambula manda a abale awo, amalambulanso mitumbira yakaleyo, osadziwa eni ake. Ataona sewero lija anati, eni ake aja ndi awa.

Amayi anafunsa ngati mu kamsitumo muli nkhadze. A Perpetua anati ilimo imodzi, yaikulu, chakumadzulo. Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Abambo ndi amene anaidzala kumutu kwa Enelesi.

Mukudziwa kuti chisamukireni palibe wa ife anapondako, poyamba chifukwa cha mantha, kenaka chifukwa cha alonda, kenaka chifukwa tinkaganiza kuti zonse zinagalauzidwa. Amuna awo a Perpetua anakatipemphera kwa manijala, ndipo iye sanavute. Tinapita mu Ogasiti, mapesi a fodya atazulidwa. Amayi tinawakweza pa ngolo.

Pamene panali mudzi simungapazindikire. Ndi mizere yokhayokha mpaka kumene maso alekezera, ndi zigafa, ndi tinyumba ta udzu ta matenanti. Koma amayi atatsika pa ngolo sanafunse njira. Analunjika okha, ife tikuwatsatira, mpaka pa nkhadze paja. Mtumbira unali utaphwa, koma unali woyera, wopanda udzu. Anakhala pansi, n'kuyala dzanja pa dothi, n'kumuuza Enelesi kuti amayi ako ndabwera, ndinachedwa koma ndabwera.

Sanalire mokweza. Atakhala kanthawi anapempha khasu, n'kufunsa a Perpetua kuti awo ali pati. Anakalambula pa ana a Perpetua, a Perpetua n'kumalambula pa Enelesi. Pobwerera amayi ankayimba pa ngolo, nyimbo za ku tchalitchi, ndipo madzulo ake anadya bwino kuposa masiku onse a chaka chino.

Za makuponi ndikuuzeninso, poti ndi zimene zinkandisowetsa mtendere. Mu Okutobala maina anawerengedwa poyera pa bwalo la sukulu. A Kalekeni anali pa tebulo la komiti. Dzina la amayi linatuluka, langa silinatuluke, chimodzimodzi chaka chatha, ndipo tagawana monga timachitira. Sanatilande kanthu, sanatiwonjezere kanthu. Ndinabwerera kunyumba ndikudziseka ndekha m'njira.

Sindikunena kuti zonse zili myaa. Mwana wa a Kalekeni mpaka pano sayankha moni wa Thandizo, ndipo anasiyadi kugula kwa a Khamisi. Atsikana awiri anachotsedwa m'gulu ndi makolo awo. Kumpingo kuli amayi ena amene amati tinakumba zokwiririka. Koma a ku Simlemba atumiza uthenga kuti anawo akachitenso seweroli kumeneko mvula ikatha, ndipo akuti nawonso ali ndi zawo zoti awonjezere.

Thandizo sanavomere. Akuti sapita malume ake asanamumasule. Mwanayu amaoneka wolimba pa anthu, koma mawu anu aja anamulasa. Foni ikalira amathamangira kuona nambala, akaona kuti si ya kunja amangoibweza pa tebulo. Inu ndi amene munkamunyamula pa phewa n'kumamuuza za agogo ake. Akanakhala kuti sanakumvereni, sakanalemba n'komwe.

Ndiye pempho langa ndi ili, achimwene. A Khamisi anaitana munthu wojambula maukwati uja kuti ajambule mwambo wonse, ndipo chimbale chake ndachikulunga m'kansalu pamodzi ndi kalatayi. Mphepo ikusokosa, mitu ya anthu ikutchinga, koma mawu akumveka. Muonere nokha, osati ndi maso a amene anakuimbirani. Mukaonera n'kukwiyabe, mukwiyire ine ndi amayi, poti tinalola ndife. Mwanayu mumumasule.

Pempho lachiwiri ndi lakuti mubwere tikakolola. Amayi akufuna timange chiliza pa Enelesi iwo akali ndi moyo, ndipo manijala walola. Akuti zimenezi sizingachitike mwini mbumba palibe. Mwa ife ana ndinu nokha amene mukukumbukira nkhope yake.

Ndikudziwa kuti inu munaona zimene ine sindinaone. Munathamangira lole ija mpaka kugwa, ndipo ndinu amene munkawatengera abambo madzi atabwerako, akutsokomola. Palibe sewero lingafafanize zimenezo, ndipo palibe akukupemphani kuti muziiwale.

Ndisanatseke ndinawawerengera amayi kalatayi, n'kuwafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiwonjezere. Anati ndilembe ndendende mmene anenere. Mawu ake ndi awa: "Umuuze Ephraim kuti bambo ake sanachepe. Ine ndinawakonda ndikudziwa zonsezi. Iyenso angathe."

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsapato zija anatumiza zinawakwana amayi. Ana onse muwapsompsone m'malo mwanga, ndipo aziyankhulako Chichewa kuti akadzabwera adzamvane ndi agogo awo. Amuna anga akupereka moni, a Khamisi nawonso akuti musawaiwale. Thandizo ndamufunsa ngati ndilembe moni wake, wagwedeza mutu kuvomera.

Mulungu wa makolo athu akusungeni pa ntchito, akutetezeni m'misewu ya kumeneko, ndipo akubweretseni kwanu muli amoyo.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Feggie